KUBWERA KUMUDZI NDI GALIMOTO: ZIMENE INSHUWALANSI IDANDIPHUNZITSA

Mawu amene mnzathu wa kalasi ya 1994 adayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza onse monga mamembala adapemphera.



Pamene a Mlembi adandiimbira lamya kuti ndidzayankhule lero, ndidaganiza kuti akufuna ndidzafotokoze za moyo wa ku Mangalande: chisanu, ntchito za usiku ndi ufa wogula ndi mapaundi. Koma iwo adati zimenezo adazimva kale kwa ena. Adati, "Achimwene, mudzatiuze za galimoto ija." Ndidachita manyazi, chifukwa nkhani ya galimoto ija si yonyaditsa. Komabe ndidavomera, podziwa kuti anzathu ambiri a bungwe lino ali ku Britain, ku Ireland, ku South Africa ndi kwina, ndipo kalata yathu imawafika. Ambiri mwa iwo akukonzekera kubwerera kumudzi, ndipo pafupifupi aliyense amalota kudzafika ndi galimoto. Ngati kupusa kwanga kungapulumutse mmodzi yekha mwa iwo, manyazi angawa sapita pachabe.

Ndidachoka kuno mu 2005 ndipo ndidakhala mu mzinda wa Leicester zaka 17, ndikugwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba. Kumeneko inshuwalansi ya galimoto ndidaizolowera ngati bilu ya magetsi. Kampani imafunsa zaka zako, ntchito yako, dera limene ukukhala, mtundu wa galimoto, ndiponso zaka zimene wayendetsa osapempha malipiro a ngozi. Chaka chilichonse chimene wadutsa bwino amakuchotserako mtengo, ndipo kuchotserako amakutcha no claims bonus. Ine ndidakwanitsa zaka 11 popanda ngozi, moti chakumapeto ndinkalipira mapaundi pafupifupi 400 pa chaka. Ndinkadziona ngati dalaivala wodalirika, ndipo ndinkaganiza kuti mbiri yangayo indiperekeza mpaka ku Lilongwe. Apa ndi pamene kulakwitsa kwanga kudayambira.

Ndiyambe ndi za panjira. Inshuwalansi imene mumalipira ku Britain siidziwa za nyanja ya mchere ndiponso siidziwa za misewu ya kuno. Galimoto ikangolowa m'sitima, mwayamba nkhani ina. Pamafunika inshuwalansi ya katundu wa pamadzi, ndipo muyenera kufunsa ngati ikuthera pa doko kapena ikufika mpaka pakhomo panu. Yanga idatsikira ku Dar es Salaam, monga zimachitira galimoto zambiri zobwera kuno, ndipo idayenda ndi nambala za IT kudutsa dziko lonse la Tanzania, kulowera pa chipata cha Songwe, kenaka Karonga, chitunda cha Chiweta, Mzuzu mpaka Lilongwe. Ulendo wonsewo idali m'manja mwa mnyamata amene sindidamuonepo. Nditafunsa pambuyo pake, ndidapeza kuti pepala limene ejenti adandigulira linali loteteza anthu ena okha amene galimotoyo ikadawapweteka. Ikadagubuduka pa Chiweta, ine sindikadalandira ngakhale tambala. Idafika bwino, koma chinali chisomo chabe, osati nzeru zanga.

Kwa inu amene muli ku South Africa, nkhani yanu ndi yosiyanako. Kumeneko anthu ovulala pa ngozi za pamsewu amathandizidwa ndi thumba la Road Accident Fund, limene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta. Choncho munthu atha kuyendetsa galimoto zaka zambiri ku Johannesburg osagulapo inshuwalansi. Mukangowoloka pa Beitbridge, zimenezo zatha. Ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Tanzania ndi kuno kwathu, chitupa cha COMESA Yellow Card chimagwira ntchito, koma ku Mozambique amafuna inshuwalansi yogula pa chipata chawo. Amene mudzadzere ku Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka Mwanza, mudzasunge ndalama ya zimenezi padera. Ndipo dziwani kuti mapepala a pa chipatawa amateteza anthu ena, osati galimoto yanu.

Tsopano tifike kumudzi. Ndidafika mu Ogasiti 2022, galimoto idanditsatira mu Okutobala. Nditamaliza ndi a MRA, ndi kulembetsa galimoto ku Road Traffic, ndi kutenga COF, ndidapita kukagula inshuwalansi. Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pa msewu wa anthu onse ikhale ndi inshuwalansi ya third party, yoteteza anthu ena. Imeneyo ndiyo apolisi amaiona pa galasi pa lodibuloko, ndipo mtengo wake ndi wopepukirapo. Koma ine ndinkafuna ya comprehensive, imene imalipiranso galimoto yako ikawonongeka, ikapsa kapena ikabedwa. Mayi wa pa kauntala adandilandira bwino, adaona mapepala, adadinadina pa makina owerengera, ndipo adanditchulira ndalama yoposa K1 miliyoni pa chaka. Nditaisandutsa mapaundi m'mutu, ndidapeza kuti ndi pafupifupi kawiri ndalama imene ndinkalipira ku Leicester, pa galimoto yomweyo ndi dalaivala yemweyo.

Ndidakwiya, ndipo ndidayamba kuyankhula Chingerezi chija timabwera nacho kuchokera kunja. Ndidati ndayendetsa zaka 11 popanda ngozi. Mayiwo adandifunsa modekha kuti, "Bambo, kalata yake muli nayo?" Ndidalibe. Nditagulitsa katundu ndi kutseka akaunti ya ku banki, sindidaganize zopempha kampani yanga yakale kalata yotsimikiza mbiri yanga. Nambala ya lamya imene ankandidziwa nayo inali itatsekedwa, keyala inali itasintha, ndipo kuimba kuchokera kuno kunali kutha ndalama ndikumvetsera nyimbo. Kalatayo idatenga miyezi itatu kuti indipeze, ndipo chaka choyamba ndidalipira ngati munthu wongotenga kumene laisensi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ndifotokoze chifukwa chake mtengo unali wokwera, popeza poyamba ndinkaganiza kuti andiona kuti ndachokera kunja. Sizinali choncho. Ku Britain kampani imayang'ana kwambiri munthu. Kuno imayang'ana kwambiri galimoto. Amatenga mtengo wa galimoto yako m'makwacha ndi kuwerengera gawo lake pa 100 iliyonse, kenaka n'kuchotsera kapena kuwonjezera malinga ndi mbiri yako ndi ntchito imene galimotoyo izigwira. Ndipo mtengo wa galimoto kuno si umene udagulira kunja ayi. Ndi ndalama imene ungafune kuti upeze ina yofanana nayo ili kale m'dziko muno. M'menemo muli ndalama ya sitima, ya ejenti, ya ulendo wa pamtunda ndi msonkho. Galimoto imene ku Leicester inali yotsika, ya munthu wamba, pofika pa Songwe inali itasanduka chuma.

Ena a inu mudzalowetsa galimoto mosalipira msonkho, potsata ndondomeko imene MRA ili nayo ya anthu obwerera kwawo. Ndi mwayi wabwino, ndipo mufunse malamulo ake musanakweze galimoto m'sitima, osati itafika pa chipata. Koma musaiwale kuti ikadzawonongekeratu, yolowa m'malo mwake mudzaigula ndi msonkho wake womwe. Choncho potchula mtengo ku kampani ya inshuwalansi, muwauze kuti idalowa mosalipira msonkho, ndipo mugwirizane polemba mtengo umene adzagwiritse ntchito pa tsiku la tsoka.

Palinso nkhani ya masipeyala. Galimoto yanga inali ya mtundu wa ku Ulaya umene kuno suoneka kawirikawiri. Mwini Toyota akathyola nyali, amapita ku Malangalanga kapena ku Limbe ndi kubwerako nayo tsiku lomwelo. Ine nyali yomweyo ndimayenera kuitanitsa kunja, kulipira ndi ndalama zakunja zimene mabanki athu kawirikawiri amakhala alibe, ndi kudikira milungu. Makampani a inshuwalansi amazidziwa zimenezi kuposa ife, ndipo amaziika mu mtengo. Musanasankhe galimoto yobwera nayo, muimbire makaniko wa kuno, osati wa kumeneko.

Ndafika tsopano pa gawo limene limandichititsa manyazi. Mayi uja adandiuza kuti galimoto yanga inali ya K18 miliyoni. Ine pofuna kuchepetsa malipiro ndidati alembe K15 miliyoni. Adandichenjeza, koma ndidaumirira, ndipo ndidatuluka ndikudzitama kuti ndapulumutsa ndalama ya matumba angapo a simenti ya nyumba imene ndinkamanga. Mu Okutobala 2023, nthawi yolipiranso itakwana, sindidapite n'komwe ku ofesi. Ndidangotumiza ndalama ndi kunena kuti zonse zikhale monga kale.

Mukukumbukira zimene zidachitika mwezi wotsatira. Mu Novembala 2023 Reserve Bank idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inali pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700. Sikanali koyamba: mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo achikulire mukukumbukira za mu Meyi 2012. Tonse tidaona shuga, mafuta ndi simenti zikukwera. Chimene sindidaganize n'chakuti galimoto yoima pakhomo panga nayonso yakwera, pamene nambala yolembedwa pa pepala la inshuwalansi ili pomwe ndidaisiya. Amene takhala ku maiko kumene galimoto imatsika mtengo chaka ndi chaka sitizolowera kuti kuno galimoto yakale itha kukwera mtengo ili chiimire.

Mu Januwale 2024 ndinkachokera ku maliro a malume anga ku Ntcheu, kubwerera ku Lilongwe pa msewu wa M1. Kunali mvula ya mvumbi ndipo kunali kutayamba kuda. Titapitirira Dedza, mnyamata wa kabaza wa njinga yakapalasa adatulukira m'kanjira ka kumanzere atanyamula thumba la makala. Ndidaponda mabuleki ndi kukhotetsa, koma ndidamugunda ndi mbali ya galimoto, ndipo ine ndidakathera m'ngalande. Mkazi wanga ndi ine tidatuluka ndi mikwingwirima chabe, chifukwa tinali titamanga malamba. Mnyamatayo adathyoka mwendo. Sindidzaiwala mmene ankalirira, osati chifukwa cha ululu wokha, koma ankafunsa za njinga yake, imene inali ya ngongole. Anthu a m'mudzimo adatithandiza kumutengera ku chipatala, ndipo apolisi adabwera kudzayeza malo.

Za galimoto zidayenda motere. Garaja idati kukonza ndi K10 miliyoni. Kampani idatumiza katswiri wake woona za kuwonongeka, ndipo iye adati pa tsiku la ngozi galimotoyo inali ya K25 miliyoni. Ine ndinali nditaiteteza pa K15 miliyoni. M'mapepala amene ndidasaina osawerenga munali ndime yonena kuti ngati watchula mtengo wochepa, gawo lotsalalo wadziteteza wekha. Aphunzitsi athu a masamu ali pakati pathu pano, ndipo akukumbukira mmene ankavutikira kutiphunzitsa ratio masana, ife tikusinza ndi mgaiwa ndi nyemba zofumbwa zija. Aphunzitsi, phunziro lanu lidandipeza ndili ndi imvi. 15 pa 25 ndi chimodzimodzi 3 pa 5. Choncho pa K10 miliyoni kampani idavomera K6 miliyoni. Pamenepo adachotsaponso excess, ndalama imene mwini galimoto amayamba walipira yekha pa ngozi iliyonse. Yotsalayo idachokera m'thumba mwanga, ndipo inali ndalama ya malata a nyumba ija. Nyumbayo idagona dzinja lonse ilibe denga.

Ndidapsa mtima, ndidalemba makalata, ndidaopseza zopita ku khoti. Mnzathu wina wa bungwe lino amene ndi loya adawerenga mapepalawo ndi kundiuza mosabisa kuti, "Achimwene, sadakubereni. Mudadzibera nokha." Adanena zoona. Ndalama imene ndidapulumutsa pa zaka ziwiri potchula mtengo wochepa siyidafike ngakhale theka la miliyoni. Imene ndidataya idaposa K4 miliyoni.

Za mnyamata uja ndi zimene zimandilemera kwambiri. Inshuwalansi ya third party ilipo chifukwa cha anthu ngati iye, ndipo idagwira ntchito yake, ngakhale padapita miyezi kuti mapepala a apolisi ndi a chipatala akwane. Pa nthawiyo ndidaphunzira chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Ndalama imene kampani ingalipire munthu wovulala kapena katundu wa mwini ili ndi malire, ndipo malirewo amalembedwa pa pepala lanu. Khoti likagamula ndalama yoposa pamenepo, yotsalayo amaifuna kwa mwini galimoto ndi dalaivala. Amene tazolowera za ku Britain, kumene chitetezo cha anthu ovulala chilibe malire otere, tiyenera kusamala kwambiri. Tangoganizani mutagunda galimoto yatsopano ya mwini, kapena minibasi yodzaza ndi anthu. Malirewo atha kukwezedwa mukawonjezera ndalama pang'ono, koma palibe amene angakuuzeni ngati simufunsa. Mnyamatayo lero akuyenda, ngakhale amatsimphina kukazizira. Njinga ndidamugulira ina ndi ndalama zanga, chifukwa ana ake sakadadikira mapepala.

Pali chinthu china chimene ku Leicester sindidakumane nacho. Kumeneko galimoto ndi ya mwini. Kuno galimoto ya munthu wochokera kunja ndi ya mtundu wonse. Kukagwa maliro aibwereka, pa chinkhoswe aibwereka, mlamu akadwala usiku aibwereka, ndipo kukana n'kovuta chifukwa ndife anthu. Sindikunena kuti tizikana. Ndikunena kuti tiwerenge pepala kuti tidziwe amene akuloledwa kuyendetsa. Mapepala ena amalola aliyense amene ali ndi laisensi ndipo mwamupatsa chilolezo, ena amalola okhawo amene maina awo adalembedwa, ndipo ambiri amakweza excess ngati woyendetsa ndi wachichepere kapena wangotenga kumene laisensi. Mphwanu akaitenga alibe laisensi, kapena atamwa, kapena akayamba kunyamula matola panjira pomwe inu mudalembetsa kuti ndi ya pakhomo, kampani ili ndi chifukwa chokanira kukonza galimoto yanu. Pamenepo chibale chimasanduka mlandu.

A Wapampando, nthawi ikutha, choncho ndiloleni nditchule mwachidule zimene ndikadachita ndikadakhala kuti ndikuyambiranso.

Choyamba, ndisanachoke kunja ndikadapempha kalata ya kampani yanga yonena zaka zimene ndayendetsa popanda ngozi, yokhala ndi dzina langa monga lilili pa pasipoti, ndipo ndikadaisunga pamodzi ndi masatifiketi. Si kampani iliyonse kuno imene imaiwerengera mofanana, choncho muionetse kwa angapo. Amene mukuganiza zodzabwereranso ku Britain, dziwani kuti makampani ambiri kumeneko amailemekeza mbiriyo kwa zaka ziwiri zokha chisiyireni inshuwalansi.

Chachiwiri, ndikadafunsa mitengo ku makampani atatu a kuno galimoto isanakwere sitima. Mwina ndikadaona kuti n'kwanzeru kuigulitsa komweko ndi kudzagula ina yodziwika kwa amakaniko athu.

Chachitatu, ndikadatchula mtengo weniweni. Ndipo nthawi iliyonse kwacha ikagwa, sabata yomweyo ndikadapita kukasintha nambalayo ndi kulipira kachiwonjezero, osadikira kutha kwa chaka.

Chachinayi, ndikadafunsa mafunso anayi ndisanasaine: excess ndi zingati, malire a third party ndi zingati, ndani akuloledwa kuyendetsa, ndipo ngozi iyenera kunenedwa pasanathe masiku angati. Mayankho ake alembedwe, asakhale a pakamwa.

Chachisanu, ndikadagula kwa kampani, ejenti kapena buloka amene ali ndi chiphaso, ndi kutenga lisiti. Makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi kudzera mu ofesi ya Registrar of Financial Institutions, ndipo ngati mwadandaula ku kampani koma simudathandizidwe, mutha kukadandaula kumeneko. Koma pepala logula kwa munthu woima pansi pa mtengo kunja kwa ofesi litha kukudutsitsani pa lodibuloko, osakuthandizani pa tsiku la ngozi.

Ngati ndalama ya comprehensive yakukanikani, si tchimo kugula third party yokha, malinga mukudziwa kuti galimotoyo mwaisenza nokha. Choopsa ndi kukhala ngati ine, kugona tulo tabwino ukuganiza kuti wafunda bulangete lonse pamene miyendo ili pamtunda.

Ndili ndi pempho limodzi ku komiti. M'bungwe muno muli anzathu ogwira ntchito ku makampani a inshuwalansi, ku mabanki, ku MRA ndi ku Road Traffic. Mulinso maloya ndi amakaniko. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha kuti a Mlembi asunge mndandanda wa amene angadzipereke kulangiza anzathu obwerera kumudzi, osati kuwadutsitsa pakhomo la kuseri, koma kuwauza zoona nthawi ikadalipo. Ine ndalembetsa kale dzina langa, ngakhale ukatswiri wanga ndi wa munthu amene adapsa ndi moto.

Kwa anzathu amene mudzawerenge mawu awa muli kutali, bwerani kumudzi, tikukudikirani. Bwerani ndi galimoto ngati mungathe. Koma mu chikwama chimene mwaika pasipoti muikemonso kalata ija, ndipo pa bajeti yanu ya chaka choyamba mulembe inshuwalansi pafupi ndi fizi ya ana. Nyumba yanga idafoleredwa chaka chathachi, ndipo galimoto ija ndi imene yandibweretsa pano. Ili panjapo, ndipo pepala lake tsopano likunena zoona.

 Mulungu adalitse sukulu yathu ndi bungwe lathu.